Kunyumba ndi mlesi, koma kunja akutungira agogo madzi

NaPhiri wa ku Area 25: Mwaswera bwanji abale pagulu pano. Ndili ndi nkhani yandizunguza mutu. Mwana wanga wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 2. Kunyumba kuno ukangoti tsuka mbale yomwe wadyera, nkhope amachita kuikwinya ngati wamwa kwinini. Kumutuma makala pamsewu pompa, "ndikubwera amayi" mpaka dzuwa kulowa. Ine ndinali nditamuika kale m'gulu la alesi. Ndiye dzulo ndakumana ndi mayi wina kuchigayo, kundigwira manja onse awiri kundithokoza. Akuti mwana wanga ndi anzake anayi omwe amamenya nawo mpira akhala akutungira madzi agogo ena a kuseri kwa tchalitchi kuyambira mwezi wa June, Lachiwiri ndi Loweruka. Agogowo miyendo inatupa, ndipo mdzukulu yemwe ankakhala nawo anapita ku Joni. Akuti anyamatawa afoleranso kakhitchini kawo komwe kanasasuka ndi mphepo. Ine pakamwa "zikomo, zikomo" koma mumtima ndikuti mayiwa asokoneza ndi mwana wa eni. Nditamufunsa usiku wangoti "aaa, wakuuzani ndani" n'kulowa kuchipinda. Tandiuzani, chimene chimachititsa mwana wa msinkhu uwu kuthandiza anthu n'chiyani? Poti maulaliki anga onse sanaphule kanthu, koma uko akusenza zigubu popanda womutuma.

NaBanda: Kikiki achemwali, wanu ndi wanga anabadwa tsiku limodzi. Wanga kwa aneba amakolopa mpaka pakhonde, kuno ngakhale tsache sadziwa pomwe limakhala.

Madala a ku Ntcheu: Mayi, thokozani Mulungu, mwana wanuyo ndi mmodzi mwa ochepa otsala. Ife tinakula nthawi ya Kamuzu, kunali Youth Week. Chaka chilichonse sabata yathunthu ana asukulu makasu paphewa: kulambula misewu, kuumba njerwa, kukonza milatho, kumangira nyumba nkhalamba. Mlatho wa mitengo womwe tinamanga ine ndili Sitandade 7 unatumikira mudzi wathu zaka zambiri. A Payoniya ankaphunzira ulimi ndi mwambo ku Nasawa. Ukakumana ndi wamkulu atasenza katundu unkamulandira osafunsa. Zinthu zinasokonekera 1994, mwana aliyense "ufulu wanga, ufulu wanga." Mwana amafuna lamulo. Opanda lamulo sathandiza munthu.

Achimwene a ku Joni: Madala, ulemu wanu, koma pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Inenso Youth Week ndinaipeza kumapeto kwake. Funso n'lakuti, ukanakana chikanakuchitikira n'chiyani? Anyamata a Youth League ovala malaya ofiira ndi amene ankaima pachipata cha msika kuletsa amayi athu kulowa opanda khadi la chipani. Ntchito yogwira chifukwa choopa chikoti ndi ina, chifundo ndi china. Makolo athu anagwira thangata m'minda ya azungu, kodi tinganene kuti ankawakonda azunguwo? Umboni wake ndi uwu: asilikali atathana ndi a Payoniya mu December 1993, mantha atatha, ndi angati anapitiriza kulambula misewu mwa okha? Mwana wa NaPhiri palibe wamuopseza. Ameneyo ndiye tifufuze bwino.

Madala a ku Ntcheu: Za makhadi sindikana, zinali zoipa. Koma manja anazolowera ntchito. Ine mpaka lero maliro akachitika ndimayamba ine kufika kumanda, si mantha ayi.

Achimwene a ku Joni: Kumandako sanakuphunzitseni ndi boma madala, anakuphunzitsani ndi mudzi. Mnyamata akayamba kupita ndi adzukulu kukakumba manda amadziwa kuti tsopano akuwerengedwa ngati mwamuna, ndipo amadziwanso kuti akamajomba, tsiku lomwe kwawo kudzagwe zovuta anthu adzangokhala pansi kumuyang'ana. N'chimodzimodzi dima: lero tilima kwanu, mawa kwathu, thobwa kapena mowa pamapeto. Palibe wapolisi pamenepo.

Aphunzitsi a Fomu 3: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndaphunzitsa kusekondale zaka 16, ndipo Life Skills ndaphunzitsaponso. Ndikuuzeni zoona, mwana atha kukhoza bwino kwambiri mayeso a mutu wa chifundo ndi kumvetsa anzako, n'kutuluka m'kalasi kukalanda ndiwo za mwana wa Fomu 1. Zolemba pabolodi sizisintha mtima kwenikweni.

Zomwe anena madala kuti manja amazolowera zili ndi mbali yoona. M'zaka za m'ma 1950 gulu lotsogozedwa ndi Beatrice ndi John Whiting linakhala m'midzi ya maiko asanu ndi limodzi kuonerera ana tsiku ndi tsiku: Kenya, India, Okinawa ku Japan, Philippines, Mexico ndi America. Ana omwe ankathandiza anzawo kwambiri anali a ku Kenya, Mexico ndi Philippines, komwe mwana ankabereka mng'ono wake, kutunga madzi, kudyetsa ziweto, ntchito zoti akapanda kugwira banja lonse livutika. Ana a ku America, omwe ntchito yawo inali ngati kukonza chipinda chawo chomwe, anatsalira. Anali ana aang'ono, osati a zaka 15, koma phunziro lake ndimaliona kusukulu. Kusiyana sikuli pa kuchuluka kwa ntchito. Kuli pa kuona ndi maso ako kuti pali munthu akudalira iweyo. NaPhiri, mwana wanu akasiya mbale, imatsukidwa ndi ndani?

NaPhiri wa ku Area 25: Mlongo wake, kapena ine ndikatopa n'kulongolola.

Aphunzitsi a Fomu 3: Ndiye akudziwa kuti mbaleyo itsukidwa basi, iye alipo kapena palibe. Koma akapanda kupita kwa agogo aja Lachiwiri, agogo agona osasamba. Kunyumba ndi mwana wotumidwa, uko ndi munthu wofunika. Pa msinkhu umenewu njala yofuna kuwerengedwa ngati munthu wamkulu imaposa ya nsima.

Wa Kabaza Lunzu: Aphunzitsi mwalasa. Ine ndili ndi zaka 14 bambo anadwala chaka chathunthu, ndinkawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala Lachinayi lililonse. Palibe anandiphunzitsa chifundo, zinangondigwera. Koma mpaka lero ndikaona wodwala pamsewu sindifunsa ndalama kaye.

Mayi a Mapasa: Ine njira yanga ndi yachidule. Akatsuka galimoto ya bambo ake K1,000, akachapa makatani K1,500. Ntchito zimayenda bwinobwino, palibe kukangana.

NaBanda: Nanga tsiku lomwe mulibe ndalama?

Mayi a Mapasa: Amadikira mwezi uthe kikiki. Amalemba ngongole m'kope.

Aphunzitsi a Fomu 3: Amayi a Mapasa, kope limenelo ndi lomwe likundiopsa. Ku Leipzig, ku Germany, Felix Warneken ndi Michael Tomasello ankayesa tiana ta miyezi 18. Munthu wamkulu akuyanika zovala n'kugwetsa pegi ngati mwangozi, kamwana kankadzuka kokha kukatola n'kumupatsa, popanda wokauza. Kenako anayesa tiana ta miyezi 20: ena akathandiza ankapatsidwa kachidole, ena ankangoyamikiridwa, ena osapatsidwa kanthu. Pambuyo pake mphatso zitasiya, omwe anazolowera kulandira aja ndi amene anachepetsa kuthandiza. Mtima wothandiza mwana amabadwa nawo, ife ndi amene timausandutsa ganyu. Sindikuti kupatsa mwana ndalama n'kulakwa. Akagwira ntchito yoti mukanalemba munthu, mulipireni, aphunzire kuti thukuta lili ndi mtengo. Koma kutungira madzi agogo ake kapena kuphikira mng'ono wake wodwala kusalowe m'kope.

Mayi a Mapasa: Tiana ta ku Germany tosavala n'komwe kabudula mukutiyerekeza ndi zimphona zanga za zaka 16? Bwerani mudzazione kaye.

Aphunzitsi a Fomu 3: Kikiki ndavomera, kafukufuku si Baibulo. Koma tayesani kuwapempha kanthu tsiku lina mutanena kuti lero kulibe malipiro, mudzatiuze.

Mtsikana wa ku Chanco: Pepani akuluakulu, ndilowererepo ngakhale ndine mwana pagulu pano. Pali chinthu chikundiwawa kuyambira pamwamba. Anyamata asanu atunga madzi kawiri pa sabata, mayi wina mpaka wathokoza kuchigayo, ife tonse pano tikuombera m'manja. Mlongo wake wa mnyamatayu amatsuka mbale zake tsiku lililonse, wamuthokozapo ndani? Ine ndinakula ndi azakhali anga. Kudzuka 4 koloko, kusesa, kutereka madzi osamba a anthu asanu ndi awiri, kuphika phala, kenako kuthamangira kusukulu nditachedwa, kukalandira chibalo. Anyamata a m'nyumbamo ankadzuka madzi ali kale kubafa. Aliyense ankati "mwana uyu ngwaulemu, ngwothandiza." Sikunali kuthandiza kumene kuja, ndinalibe kokanira. Ndipo ndikuuzeni, zinandiumitsa mtima. Ndafika ku koleji ndisakufuna kumva munthu akundipempha kanthu. Zanditengera nthawi kuti ndiyambenso kuthandiza munthu mokondwa. Ndiye mukamati mwana apatsidwe udindo, funsaninso kuti udindowo ukugwera ndani ndipo ndi wolemera bwanji.

NaBanda: Mwana iwe wandikhudza. Ifenso tinakula choncho ndipo tikuchitanso zomwezo kwa ana athu osazindikira.

Madala a ku Ntcheu: Koma ntchito za kukhitchini ndi za akazi kuyambira kale, anankungwi amalangiza zomwezo kuchinamwali. Anyamata ali ndi zawo, kudula mitengo, kumanga nkhokwe, kukumba manda.

Mtsikana wa ku Chanco: Agogo, kumudzi mwina zinkalingana. Koma ku Area 25 kuli nkhokwe yoti amange? Ntchito za anyamata zinatsala kumudzi, za atsikana zinakwera nawo basi kubwera m'tauni.

Achimwene a ku Joni: Apa madala mwagwidwa, vomerani. Kuno ku Joni tonse amuna timaphika ndi kuchapa tokha, palibe anafa nazo.

NaPhiri wa ku Area 25: Mwana wanga wa ku Chanco, mawu ako andilasa pamtima. Mtsikana wanga ali ndi zaka 13. Sindikumbuka tsiku lomwe ndinamuuza kuti zikomo.

Aphunzitsi a Fomu 3: Wanena zoona mtsikanayu, ndipo ndikonze mawu anga aja. Udindo umamanga mwana ngati uli wa msinkhu wake, ngati ena m'nyumbamo akusenza nawo, ndiponso ngati wina akuona n'kuyamikira. Ukapitirira umaphwanya. M'kalasi mwanga ndakhala ndi ana olera abale awo okha makolo atamwalira. Ena amakhala achifundo modabwitsa, ena amakhala okwiya ndi dziko lonse. Ndikayang'ana kusiyana kwawo, nthawi zambiri ofatsawo amakhala ndi munthu wamkulu mmodzi, kaya ndi malume, kaya mayi wa kumpingo, kaya wa gulu la amayi a pasukulu, amene amawafunsa kuti iweyo wadya?

Mkulu wa Mpingo: Nkhani yabwino. Ine ndikuona kuti tikuiwala Mulungu. Mwana wokulira Sande Sukulu, kalasi ya chilangizo, kwaya, amamva za Msamariya wachifundo kuyambira ali wamng'ono. Achinyamata a mpingo wathu mwezi uliwonse amakayendera odwala kuchipatala ndi sopo ndi shuga. Anzathu achisilamu nawonso ana awo amaona zakaati ndi kugawana chakudya pa Ramadan. Chikhulupiriro ndiye muzu.

Wa Kabaza Lunzu: Akulu, ndanyamulapo anthu ambiri ovala yunifolomu ya mpingo omwe amadutsa munthu atagwa pamsewu ati tachedwa ku mapemphero.

Aphunzitsi a Fomu 3: Kikiki a Kabaza, zomwe mwanenazo anaziyesa ndithu. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 1973, John Darley ndi Daniel Batson anatenga ophunzira zaubusa ku Princeton ku America, n'kuwauza kuti apite ku nyumba ina akalankhule, ena mwa iwo pa fanizo lomwelo la Msamariya. Panjira anaikapo munthu atakhala chogwa, akutsokomola ndi kubuula. Mwa omwe anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 alionse anaima. Mwa omwe anauzidwa kuti mwachedwa thamangani, anaima 10 okha pa 100. Mutu wa ulaliki sunasinthe zambiri, changu ndiye chinasintha. Koma akulu a mpingo musakhumudwe, mbali yomwe mwanena yoyendera odwala ndi imene ndimaikhulupirira. Mwana wanyamula yekha sopo, walowa m'wodi, wamva fungo, wagwira dzanja la wodwala, ameneyo waphunzira kuposa maulaliki khumi. Ndiponso amapita ndi anzake, zomwe ndi nkhani ina yaikulu.

Mkulu wa Mpingo: Pamenepo tagwirizana. Chikhulupiriro chopanda ntchito ndi chakufa, Yakobo ananena kale.

Jay wa Ndirande: Ndalowa pa foni ya amayi, andiuza ndiyankhe poti ndine wa msinkhu womwewo, ndili Fomu 4. Chilungamo chake ndi ichi: zambiri timachita chifukwa cha magaye. Ngati pagulu pathu amene timamupatsa ulemu wanena kuti tiyeni tikathandize madala awo kukankha galimoto, tonse tipita ndipo zikhala zokoma, tikuseka. Yemweyo akanena kuti zimenezo n'zauchitsiru, palibe apite ngakhale mumtima ukufuna. Makolo mumangoti anzako akuononga, simudziwa kuti anzathu omwewo ndi amene amatisonkherera ya mayeso wina akaperewera. Chaka chatha tinasonkha tokha kugulira mnzathu nsapato, palibe kholo linadziwa. Ndipo chifukwa chomwe mwana wanu wathawira kuchipinda, amayi, n'chakuti mukadziwa mumayamba kuuza aliyense, kenako mumati "kwa eni umatha, kuno bwanji." Zikatero chinthu chija chimasanduka mlandu.

NaPhiri wa ku Area 25: Iii mwana iwe, mawu amenewo ndi omwe ndinakonza kumuuza lero madzulo.

Jay wa Ndirande: Musanene amayi, chonde. Musiyeni.

NaBanda: Tamverani ana akutilangiza kikiki. Koma akunena zoona.

Aphunzitsi a Fomu 3: Jay wanena m'mizere isanu zomwe ndikanalemba tsamba lonse. Ndiwonjezere kamodzi kokha kenako ndikhale chete, ndisasandutse gulu kukhala kalasi. Ku New Jersey, Elizabeth Levy Paluck ndi anzake anagwira ntchito ndi sukulu 56 pa nkhani ya ana kuzunzana. M'malo moti aphunzitsi azilalikira pa asembule, anafunsa ana onse kuti umacheza kwambiri ndi ndani, kuti adziwe ana omwe anzawo amawayang'ana. M'theka la sukuluzo anatenga kagulu ka ana n'kuwasiya apange okha mauthenga ndi njira zothetsera mikangano. Pa chaka chimodzi milandu ya ana kukangana inatsika m'sukulu zimenezo, ndipo inatsika kwambiri komwe m'kagulumo munali ana otchuka aja. Ine ndinayesa zofanana pasukulu ina yogonera komweko, komwe a Fomu 1 ankachapitsidwa zovala ndi kulandidwa chakudya. Mapulifekiti omwe tinasankha ife aphunzitsi, ana ofatsa okhoza m'kalasi, palibe ankawamvera. Ndinakaitana goloboyi wa timu ya sukulu, mnyamata wovuta yemwe ndinali nditamupatsapo chibalo kangapo, n'kumuuza kuti ana khumi awa a Fomu 1 ndakupatsa iwe, wina akawakhudza ndifunsa iwe. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Teremu imeneyo hositelo yake ndi yomwe inali ya mtendere. Sanasanduke mngelo, fodya sanasiye, koma ana aja ankawateteza ngati abale ake.

Madala a ku Ntcheu: Ndiye mukuvomereza kuti pamafunika wamkulu woti alamule. Munamulamula inu.

Aphunzitsi a Fomu 3: Ndinamukhulupirira madala. Akanakana sindikanamuchita kanthu, ndipo iye ankadziwa.

Mlongo wa ku Chilobwe: Ine ndikamva anthu akuti achinyamata a masiku ano alibe umunthu ndimangokhala chete, chifukwa ndinaona ndi maso anga mu March 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche usiku, kunja kusanayere n'komwe, amene anayamba kukumba anali anyamata a m'dera momwemo. Omwe aja timawatcha a chamba, okhala pa mabenchi a bawo, ena a Fomu 3 ndi Fomu 4. Makasu, mafosholo, ena manja okha, mvula ikugwabe. Mnyamata wina yemwe ndinkamuletsa kucheza ndi mwana wanga ndi amene anatulutsa mwana wa aneba athu m'matope, n'kumubereka kumsana kuthamanga naye kumsewu. Titasamukira kusukulu komwe tinkagona, atsikana achichepere ndi amene ankaphika m'miphika ikuluikulu ndi kusambitsa ana a anthu osawadziwa. Dziko lonse tinataya anthu opitirira 1,000. Sindifuna kukumbuka zambiri. Koma chomwe chimandivuta n'chakuti patatha miyezi iwiri, anyamata omwe aja anabwerera pa benchi, ndipo ife tinabwerera kuwatcha mayina omwe aja. Palibe anawaitana kuti tiyeni mukhale nawo mu komiti ya m'dera. Mtima anali nawo kale, chomwe chinasowa masiku onse ndi woti awafune.

NaBanda: Pepani achemwali. Mulungu apitirize kukutonthozani.

Achimwene a ku Joni: Pepani kwambiri. Ife kuno tinkangoonera pa foni misozi ili m'maso. Ndipo ndalama zambiri zomwe tinasonkha kuno anayendetsa ndi achinyamata pa WhatsApp, foni yomweyo timainyoza.

Mayi a Mapasa: Koma foniyo musaiyeretse. Pachitika ngozi pamsewu, achinyamata m'malo mothandiza amatulutsa foni kujambula. Lole ya katundu ikagubuduzika ndiye kuthamangira kukatola, dalaivala ali mkati akubuula.

Namwino wa Usiku: Ndayamba kuwerenga ndili pa ntchito, ndiyankhe mwachangu. Zojambulazo n'zoona, koma ojambula si achinyamata okha, ndaonapo azibambo a mataye. Anthu akachuluka aliyense amaganiza kuti wina athandiza, komanso ambiri sadziwa choti achite, amaopa kulakwitsa kapena kuvutitsidwa ndi mafunso a apolisi. Mukadzakhala pangozi musamakuwe kuti "thandizani," lozani munthu mmodzi: iwe wa malaya ofiira, gwira apa. Amabwera. Ndipo mwana yemwe anaphunzirapo chithandizo choyamba ku kalabu ya Red Cross kapena ku Scout sajambula, amagwada pansi, chifukwa manja ake akudziwa poyambira. Nthawi zina chomwe timachitcha kuuma mtima ndi kusadziwa chabe.

China chomwe anthu ambiri sadziwa: magazi omwe timaika amayi otaya magazi pobereka ndi ana odwala malungo, ambiri amachokera kwa ana asukulu. A Malawi Blood Transfusion Service amayenda m'masekondale ndi m'makoleji, ndipo sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala, ife timaziona. Ana amenewa sapatsidwa ndalama, chakumwa ndi bisiketi basi, ndipo munthu wolandira magaziwo sadzamuona. Amapita chifukwa mnzawo waima pamzere ndipo wina wawafotokozera bwino komwe magaziwo akupita. Akuluakulu onyoza achinyamatafe, ndi angati tinaperekapo?

Madala a ku Ntcheu: Ine zaka zapita mwana wanga, sangandilandire.

Namwino wa Usiku: Inu takukhululukirani agogo kikiki. Enawa ayankhe.

Wa Kabaza Lunzu: Koma tisaiwale njala abale. Mwana wagona ndi njala ukamuuze zogawana? Za lole zija ena amatola chifukwa kunyumba kulibe kanthu.

Mlongo wa ku Chilobwe: Njala imaumitsa mtima, sindikana. Koma kumsasa kuja amene ankagawa chakudya chawo anali osauka anzathu. Mwana amaonera zomwe mayi ake amachita ndi ufa wotsala pang'ono mlendo akafika. Mayi anga ankati tikamaphika tiziwonjezera kadzanja kamodzi ka wodutsa. Sanatikhazikepo pansi kutiphunzitsa, tinkangoona mbale ikutuluka kupita kwa aneba.

Mayi a Mapasa: Pamenepo ndiye pandigwira. Ana anga amandimva ndikuwauza kuti munthu akagogoda munene kuti amayi kulibe.

Mtsikana wa ku Chanco: Ndipo timaona zonse, ngakhale zomwe mumayankhula mukatseka chitseko mlendo atangotuluka.

NaPhiri wa ku Area 25: Abale, ndabwera ndi lipoti. Mawu aja sindinamuuze, Jay ndakumvera. M'malo mwake lero m'mawa iye ali kusukulu ndinapita ndekha kwa agogo aja ndi kapaketi ka shuga. Nyumba yake ndi kachipinda kamodzi, zigubu zinayi zachikasu zili ndandanda pakhonde, zodzaza. Ndawafunsa kuti zinayamba bwanji. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti mpira wa anyamatawa unagwera pabwalo pawo n'kugubuduza ndowa yomwe anali atavutika nayo kuchokera ku kiyosiki, madzi onse pansi. Anyamata anayi anathawa, wanga ndi amene anatsala poti mpira unali wake. Agogo sanakalipe. Anangomuuza kuti "amuna anga, mwanditayira madzi, ndiye mkazi wanu asamba chiyani lero?" Mwana ananyamula ndowa kukatunga. Pobwera anapeza amukazingira mtedza. Loweruka lake anabwera ndi anzake aja. Mpaka lero onse asanu amawatcha amuna anga, aliyense anamupatsa udindo wake, wanga akuti ndi "mwamuna wamkulu" wosunga ndalama ya madzi. Ndalamayo amasonkha okha K200 K200. Mwana yemwe ine sindimupatsa ngakhale ndalama ya tomato poopa kuti adya chenji.

Ndipo agogowo amawadziwa bwino anawa kuposa ine. Andiuza kuti wanga amafuna kudzakhala makaniko koma amaopa kuuza bambo ake. Ine mayi wake ndimve kwa eni.

NaBanda: Amuna anga kikikiki. Agogo amenewo ndi aphunzitsi kuposa aphunzitsi athu a Fomu 3.

Aphunzitsi a Fomu 3: Ndavula chipewa. Ine chibalo ndikanapereka tsiku lomwelo la ndowa.

Madala a ku Ntcheu: Agogo anga aakazi ankanditchanso choncho. Ndinali nditaiwala.

Achimwene a ku Joni: Achemwali, denga la nyumba yaikuluyo lili bwanji? Mvula ili pafupi. Ngati pakufunika malata angapo ine nditha kutumiza kangachepe, ena awonjezere.

Mayi a Mapasa: Inenso ndiponyapo. Ndipo tikakapereka tijambule, tiike pa Facebook anthu aone kuti achinyamata abwino alipo.

Jay wa Ndirande: Amayi, zojambulazo ayi. Akangoikidwa pa Facebook kusukulu aziwaseka, komanso ziyamba kuoneka ngati ankafuna kutchuka. Malatawo apatseni anyamatawo akhome okha, akuluakulu musapiteko gulu.

Mlongo wa ku Chilobwe: Komanso afunseni agogowo kaye ngati akufuna nkhope yawo ionedwe ndi dziko lonse.

Mayi a Mapasa: Chabwino, ndagonja. Koma akhome bwino, asaononge malata.

Wa Kabaza Lunzu: Apeze kalipentala mmodzi awayang'anire, koma hamala igwidwe ndi iwo.

NaPhiri wa ku Area 25: Denga ndaliona, mbali ya kumutu kwa bedi kukuoneka kumwamba, malata atatu akwana. Ndimuuza mwanayo madzulo kuti pali anthu akufuna kuthandiza, awerengere yekha mtengo wa malata ndi misomali abweretse papepala, ndalama ndimupatsa m'manja mwake. Mtima ukugunda koma ndiyesa. Za umakaniko ndiyamba ndalankhula ndi bambo ake. Mtsikana wanga ndamuuza zikomo m'mawa uno, wandifunsa ngati ndikudwala. Koma mbale za mkulu wakeyo za dzulo zikadali m'beseni, ndamuletsa kuzikhudza. Tiona kuti nsima ya madzulo adyera pati.